Anafuna Kundilanda Ntchito Chifukwa cha Dzina la Agogo

Moni nonse amene mumawerenga zimene ndimalemba pano, a kwathu ku Katunga, a ku Bangula, ndi inu amene muli kutali. Mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndakhala chete kwa miyezi ingapo, ndipo ena mwakhala mukundifunsa kuti za ulendo zija zili pati. Lero ndikuuzani zonse. Ndinatsala pang'ono kutaya ntchito ya kunja imene Mulungu anandipatsa, osati chifukwa cha matenda kapena kulephera mayeso, koma chifukwa munthu wina wa mu ofesi anaona dzina langa n'kuganiza kuti ndine wosavuta kubera. Ndikulemba mtima udakali wotentha, ndipo zimenezo sindibisa.

Ine ndine Zuwawo Kadera. Ndinabadwira ku Chiromo, koma ndimakhala ku Katunga ndi mkazi wanga Rozina ndi ana athu atatu. Kwa zaka zambiri ndinkakonza mapampu othirira nzimbe pa esiteti ina kuno kuchigwa. Pampu ikayamba kulira mwachilendo, ndinkadziwa ndili patali ngati mwalowa mchenga wa mu Shire kapena chitsulo chadyeka. Madzi atasefukira n'kukwirira gawo la minda limene ndinkagwirako, anthu angapo anatichotsa ntchito. Ndinakhala pakhomo chaka chathunthu, ndikulima mapira ndi kukonza njinga za anthu, mwana wanga woyamba atasiya sukulu ya sekondale pakati.

Kenako injiniya wina amene tinagwirapo naye ntchito ananditchula kwa eni famu yaikulu ku dziko lina louma, kumene zonse amalima mothirira. Anandifunsa mafunso pa foni, ine nditaima pansi pa mtengo wa msawu pamene netiweki imagwira bwino. Patapita masiku ananditumizira kalata yakuti andilemba ntchito. Kalatayo inanena kuti viza yogwirira ntchito ikhale itatuluka pasanathe miyezi iwiri, apo ayi malowo apatsa wina. Inanenanso kuti mapepala onse adzere ku ofesi ina ya mu Blantyre imene inkawathandiza kupeza antchito.

Ndinayenda, abale. Ndinakatenga kalata ya kupolisi yosonyeza kuti ndilibe mlandu, ndinakapimidwa magazi ndi chifuwa, ndinajambulitsa zithunzi kawiri chifukwa zoyamba anati khutu silikuoneka. Tsiku lokapereka ndinakwera minibasi m'mawa, kukwera phiri lija la Chikwawa envelopu ili m'kati mwa malaya kuti isanyowe ndi thukuta.

Bambo wa mu ofesiyo sanandiuze n'komwe kuti ndikhale pansi. Anayala mapepala anga patebulo n'kuyamba kuseka. Pa pasipoti palembedwa Zuwawo Kadera. Pa satifiketi ya Folomu 4 palembedwa John Kadera, chifukwa aphunzitsi athu a ku pulayimale ankati Zuwawo si dzina la m'kalasi. Pa satifiketi ya umakaniko palembedwa João Cadeira, chifukwa tsiku lolembetsa anandiperekeza bambo anga, ndipo analemba m'Chipwitikizi mmene iwo amadziwira. Aliyense wa kuchigwa kuno akudziwa kuti amenewa ndi munthu mmodzi. Koma bamboyo anakweza mawu kuti anthu amene anali pa benchi amve.

"Inu a kuchigwa timakudziwani. Lero Amalawi, mawa a ku Mozambique. Satifiketi iyi mwagula kwa ndani?"

Ndinayankha kuti ndinabadwira ku Chiromo, bambo anga anabadwira ku Chiromo, ndipo amene anachokera kutsidya ndi agogo anga. Sanafune kumva. Anatseka pasipoti yanga mu kabati, nanena kuti aisunga pamene akufufuza. Potuluka ananditsatira mpaka pakhomo, n'kutsitsa mawu. Anati nkhani ngati zimenezi zimakonzeka munthu akamaganizira anzake, ndipo anandichenjeza kuti ndisayerekeze kulemba kalata kwa eni famu, chifukwa akangomva za maina atatu andichotsa pomwepo.

Ndinatsika phiri lija ndikudzifunsa mafunso. Ndinagwira ntchito m'dziko lino zaka zonsezi, ndinavota, ndinaika amayi anga m'nthaka ya dziko lino, ndiye munthu amene sanapondeko Chiromo andiuze kuti ndine wakuba wobwera? Satifiketi imene ankaigwira ndi zala ziwiri ngati chinthu chonyansa ndinaivutikira zaka zitatu, ndikupalasa njinga dzuwa lili pamutu. Anthu ena a ku tchalitchi anandilangiza kuti ndingomupatsa kangachepe, poti ndi mmene zinthu zimayendera. Mawu amenewo anandipweteka kuposa a bambo uja. Ndigule dzina langa lomwe? Ndinakana, koma ndisakunamizeni kuti ndinakana chifukwa cha chikhulupiriro chachikulu. Ndinakana chifukwa cha mkwiyo.

Mkwiyo womwewo unandichimwitsa. Ndinapita kwa bambo anga, amene anasamukira ku Bangula madzi atagwetsa nyumba yawo, ndipo ndinawalankhula mawu amene mwana sayenera kulankhula kwa kholo. Ndinati Chipwitikizi chawocho chandiphera ana. Iwo anali akusoka ukonde, ndipo sanakweze mutu.

"Atate anga pothawa chibalo anawoloka ndi dzina lokhalo," anatero. "Analibe mbuzi, analibe khasu. Ine ndikanalemba liti?"

Ndinachoka osatsanzika.

Munthu wina wa ku khoti anandiuza kuti majisitireti angathe kundilembera kalata yolumbira yakuti maina atatuwo ndi anga, koma pafunika umboni wakale wosonyeza kumene ndinabadwira ndi dzina limene ndinapatsidwa. Khadi langa la kusikelo linapita ndi madzi kalekale. Ndinawoloka kupita ku Chiromo, ku tchalitchi kumene ndinabatizidwira. Amene akuyang'anira tchalitchicho pano anandionetsa mzere wa matope pakhoma, pamwamba pa mawindo, nati mabuku onse akale anawonongeka. Apa n'kuti mwezi umodzi utatha kale.

Pobwerera ndinakhala pa doko kudikira kuti bwato lidzaze. Kunali kotentha kwambiri, ntchentche zili ng'aa pa madengu a nsomba. Ndinapemphera pamenepo, ndipo silinali pemphero lokongola. Ndinati, Ambuye, mukundidziwa ndi dzina liti Inu? Ngati mukundidziwa, bwanji mwasiya wabodza akhale pa mpando, ine wonena zoona ndikhale pa mchenga pano? Ndinangokhala, envelopu ili pamwendo.

Wopalasa bwato anali mnzanga wa ku pulayimale, ndipo anandiitana kuti, "A Kadera, kwerani tizipita." Mayi wina wachikulire amene anali ndi dengu la milamba yowamba anatembenuka, n'kundifunsa m'Chisena ngati ndili mwana wa a Kadera osoka maukonde. Nditavomera, anafuna kudziwa chimene chandikwinyitsa nkhope chotere. Sindikonda kuuza alendo mavuto anga, koma tsiku limenelo ndinalankhula kuyambira pa doko mpaka kutsidya.

Mayiyo dzina lawo ndi a Fatima. Anamvetsera osandidula, kenako anati, "Buku limenelo silinapite ndi madzi. Lili kwathu kwa Mbenje. Bambo anga ndi amene anali akatekisiti ku Chiromo. Madzi akubwera anasiya zovala zawo, n'kukulunga bukulo mu thumba la feteleza, n'kulisenza pamutu."

Mayi amenewa ankapita ku msika ndi nsomba zawo. Anasiyira mnzawo dengu lija, nakwera nane kabaza mpaka kwawo. Bambo awo, a Simbi, tinawapeza atakhala pakhonde, maso atachita khungu ndi ukalamba. Nditatchula dzina la bambo anga anaseka, nati amakumbukira ubatizo wanga chifukwa ndinalira kuposa ana onse. Bukulo linatuluka m'chitini cha pansi pa bedi, masamba ake atafufuma, ena atamatana. Tinatsegula pang'onopang'ono ndi mpeni. Pa tsamba lina, m'zilembo za wansembe, panali João Cadeira, wobadwira ku Chiromo, ndi maina a makolo anga. Pambali pake, ndi inki ina, a Simbi anawonjezera ndi dzanja lawo kuti Zuwawo, wa kwa Kadera. Anati ankachita zimenezo kwa mwana aliyense, chifukwa azimayi akabwera kudzafunsa sankatchula maina olembedwa ndi wansembe.

Ndinagwada pansi pa khonde la anthu amene m'mawa wa tsikulo sindinkawadziwa. Chimene ndinatha kunena ndi takhuta, takhuta basi, kuthokoza kwathu kwa m'Chisena.

Kuchokera kumeneko ndinapita molunjika kwa bambo anga kukapepesa. Anangofunsa tsiku la ku khoti, n'kuuza mlongo wanga kuti awachapire malaya oyera. Pa tsikulo nkhalamba ziwiri, bambo anga ndi a Simbi, zinaima pamaso pa majisitireti, wina atagwira ndodo, wina atakumbatira buku, ndipo zinalumbira kuti Zuwawo, João ndi John ndi mwana mmodzi amene zinamuona akukula. Kalata inadindidwa tsiku lomwelo.

Ine ndinkafuna kuthamangira nayo ku Blantyre kuti ndikamuponyere bambo wa mu ofesi uja patebulo. Rozina anandiletsa. Anati, "Munthu wakuletsani kulankhula ndi eni ntchito, simunadzifunse chifukwa chake? Alembereni eni akewo." Ndinajambula kalata ya ku khoti ndi tsamba la m'buku, n'kutumiza pa imelo imene inali pansi pa kalata ya ntchito ija.

Yankho linabwera mawa lake, ndipo ndinaliwerenga katatu. Mayi woona za antchito ku famuko anadabwa kumva kuchokera kwa ine. Anati ofesi ya ku Blantyre inawauza masabata atatu apitawo kuti ndasintha maganizo chifukwa akubanja akana, ndipo inawatumizira kale dzina la munthu wina woti alowe m'malo mwanga. Za maina atatu sanauzidwe n'komwe. Tangoganizani. Pamene ine ndinkawoloka Shire, ndikunyoza bambo anga, ndikulira pa doko, munthuyo anali atagulitsa kale malo anga. Kufufuza kuja kunalibe. Maina aja chinali chingwe chongondimangira kuti nthawi ithe. Anasankha ine chifukwa anawerengera kuti munthu wa kuchigwa, wa dzina lachilendo, akaopsezedwa ndi nkhani ya unzika amathawa osatembenuka.

Eni famu analamula kuti pasipoti yanga ibwezedwe, ndipo anandiuza kuti ndikapereke ndekha mapepala ku ofesi ya maviza ku Lilongwe. Nditafika ku Blantyre bambo uja sanatuluke. Anatuma mlembi wake kuti andipatse pasipoti pawindo. Pa benchi panali bambo wina wa ku Ngabu, wamsinkhu wanga, atavala jekete ngakhale kunali kotentha. Tikucheza anandiuza mosangalala kuti akupita kunja kukakonza mapampu, ngakhale sanatsegulepo pampu chibadwire, poti anamulonjeza kuti akaphunzira komweko. Anagulitsa ng'ombe za bambo ake kuti apeze mwayiwo. Ndinadziwa pomwepo kuti ndi amene anagula malo anga. Ndinkayembekezera kuti ndikadzamuona ndidzamuda, koma ndinangomva chisoni. Ndinamuonetsa imelo ija. Anavula jekete, n'kuipinda. Tinapita limodzi kukanena kupolisi, ndipo nkhaniyo ili kumeneko mpaka pano.

Ku Lilongwe anatenga zidindo za zala zanga. Mayi wa pawindo anawerenga kalata ya ku khoti, nandifunsa ngati maina onsewo ndi anga. Ndinati eya. Anaika kalatayo pamodzi ndi mapepala ena n'kuitana wotsatira. Nkhani imene inandidyera mwezi ndi theka inatha m'mphindi ziwiri. Viza inatuluka kutatsala masiku anayi kuti nthawi ija ikwane, ndipo ndikunyamuka sabata yamawa. Mwana wanga abwerera ku sukulu teremu ikubwerayi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lamwano la pa doko lija osandikankha. Ndikuthokoza a Fatima amene anataya msika wa tsiku lonse chifukwa cha mlendo, ndi a Simbi amene anaona kuti maina a ana a eni ndi ofunika kuposa zovala zawo. Ndikuthokoza bambo anga chifukwa chondikhululukira, ndi Rozina chifukwa choona chimene ine mu mkwiyo wanga sindinaone.

Bambo wa mu ofesi uja sindinamukhululukirebe. Ndikudziwa chimene Ambuye amafuna, ndipo ndikulimbana nacho, koma sindingaime pano n'kunama mu umboni. Mundipempherere.

Inu amene muli pa mzere wa mapepala pakali pano, makamaka inu a kuno kwathu amene maina anu analembedwa mosiyanasiyana ndi aphunzitsi, ansembe ndi makalaliki, musalole munthu akuchititseni manyazi mpaka kuthawa chimene ndi chanu. Musasiye pasipoti m'kabati ya munthu. Akakuletsani kulankhula ndi eni ntchito, alankhuleni tsiku lomwelo. Funsani akuluakulu adakali moyo, chifukwa ena akusunga zimene mukuganiza kuti madzi anatenga. Ndipo pempherani, ngakhale mawu atakhala aukali, pakuti Iye amamva.

Mukamagwada, mukumbukirenso bambo wa ku Ngabu uja. Ine ndikukwera ndege, koma iye wabwerera kwa bambo ake, ndipo khola lili mbee.