Benchi la Kumbuyo la Mayi Modesta

Malemu anabadwa pa 14 Ogasiti 1957 m'mudzi muno, pakati pa Mua ndi Mtakataka. Dzina lawo la ubatizo ndi Modesta, koma ambiri timangoti Anangozo. Anali oyamba m'banja la ana asanu.

A bambo mfumu, mafumu athu, abale ndi alongo, tikudziwa kuti ena mwabwera ndi funso. Dzulo lomweli ena amanong'onezana ngati ansembe abwere kudzayika maliro ano, popeza kwa zaka zoposa makumi awiri palibe anawaonapo malemu akulandira Ukaristia m'tchalitchi mwathu. Ansembe abwera, mwawaona. Amuna awo, agogo a Silvesta Kamdzeka, asenza funso limeneli ali chete nthawi yonseyi, ndipo lero andituma ine Emily, mdzukulu wawo, kuti ndiliyankhe. Koma lezani mtima, mbiri sayambira kumchira.

Malemu anayamba sukulu ku Mua mu 1965 ndipo analekezera sitandade sikisi. Anasiya kuti azithandiza bambo awo kuyendetsa ngolo yonyamula thonje. Kumeneko anatolako mawu amene sanachoke pakamwa pawo: ngolo imayenda liwiro la ng'ombe yofooka, ukakwapula yamphamvu yokha umangozungulira pamodzimodzi.

Mu 1977 ankagulitsa zitumbuwa pasiteshoni ya sitima ku Golomoti. Tsiku lina mnyamata wopala matabwa, amene ankapita ku Salima, anatsika kuti agule ziwiri. Sitima inanyamuka ndi sowo yake, iye ali chilili. A Silvesta mpaka lero amati sitimayo inanyamuka nthawi isanakwane. Malemu ankati: "Bodza. Anayiona ikupita, n'kunena kuti ndiwonjezereni ziwiri zina." Anadalitsa ukwati wawo ku Mua pa 9 Juni 1979, ndipo sowo ija sinapezeke.

Banjali linkalima thonje ndi mpunga. Mu 1984 malemu analowa bungwe la Amayi Achikatolika. Ankaphunzitsa ana katekisimu, ankakhala benchi la kutsogolo, ndipo nyimbo zambiri ankayambitsa ndi iwo.

Zinthu zinasintha mu 1996. Mwana wa mng'ono wawo, dzina lake Ireen, anatenga pathupi asanakwatiwe, ndipo anayimitsidwa masakramenti. Lamulungu limene ansembe anabwera kutchalitchi kwathu, anthu onse anadzuka kukalandira. Ireen anatsala yekhayekha pabenchi la kumbuyo, aliyense wobwerera kumalo kwake akumuponyera diso. Anatuluka Misa isanathe, nanena kuti sadzapondamonso. Mwezi wotsatira malemu anakamutenga kwawo, nabwera naye kutchalitchi n'kukhala naye kumbuyo komweko. Mzere wokalandira utayamba, mayi wa benchi la kutsogolo uja anangopinda manja, osadzuka. Kuyambira tsikulo sanadzukenso.

Mudzi sukhala ndi funso lopanda yankho, choncho mayankho anabadwa ambiri. Ena anati Anangozo amatcheza kachasu mobisa. Ena anati anathira munthu mankhwala. Koma yankho limene linanenepa kwambiri linali lakuti a Silvesta ali ndi mkazi woyamba ku Salima, kumene sitima ija inkapita. Akakhala pabawo, anzawo ankawafunsa kuti: "Achimwene, a ku Salima ali bwanji? Sowo ija akusungabe?" Agogo ankaseka nawo, koma pofika kunyumba ankakana ndi chakudya chomwe. Kangapo anapempha kuti aulule zoona, dzina la mkazi wawo liyere. Malemu ankayankha kuti: "Abambo, mukaulula, benchi lija lisanduka la odwala ndi namwino wawo, ndipo okhalapo athawa onse. Panopa amayesa tonse ndife odwala, ndipo sakulakwitsa kwenikweni. Inu ingopirirani ndi mkazi wanu wa ku Salimayo."

Panali chinsinsi chachiwiri. Lachinayi lililonse m'mamawa, a Silvesta ankakweza malemu panjinga n'kulowera ku Mua. Akuluakulu ankati akupita kuchipatala. Ife achinyamata tinkati okalamba awa chikondi sichinawathere, akukayendetsana. Lero mudziwe: ankapita ku Misa ya m'mawa. Kumeneko malemu ankalapa, n'kulandira Ukaristia sabata ndi sabata, kawirikawiri kuposa ambiri a ife amene tinkawanena. Ansembe ankadziwa, ndipo aliyense akamasamuka ankamusiyira mnzake nkhaniyi. Komabe achinyamatafe sitinaphonye kwambiri. Agogo avomera okha kuti pobwerera ankatsamiritsa njinga pamlambe wina, n'kudya zitumbuwa ziwiriziwiri.

M'zaka zimenezi benchi lija silinakhalepo lopanda munthu. Panabwera amene ukwati wawo unali usanadalitsidwe, amene anapita kwa sing'anga mwana atadwala kenako n'kuchita manyazi, ngakhale amene anangotopa ndi kupemphera maliro atawachulukira pakhomo. A Silvesta analitalikitsa benchilo kawiri. Malemu sankafunsa munthu chimene chamukhazika pamenepo. Ankangosendera, n'kumugwirira mwana. Potuluka ankayenda naye, akukamba za mtengo wa tomato ku Golomoti. Nkhani ya Mulungu inkabwera yokha, nthawi zina patapita chaka. Munthuyo akakonzeka, ankamuperekeza kwa ankhoswe kapena kwa ansembe, iwo n'kudikira panja.

Anzawo a m'bungwe akawauza kuti akulekerera machimo, ankangoti: "Mwana wophunzira kuyenda sumukalipira akagwa. Umagwada, kuti aone nkhope yako." Ndipo nonse mukukumbukira nthungululu ija yochokera kumbuyo, yogonthetsa makutu a katekisiti. Inkalira tsiku limene mmodzi wa pabenchipo wadzuka kukalandira. Iwo ankatsala pansi ndi otsalawo, koma chimwemwe chawo chinkafika kuguwa munthuyo asanafike.

Sititchula mayina, chifukwa malemu angatidzudzule. Mmodzi yekha walola. Ireen uja ndi mayi anga, awo akhala apowo atavala yunifolomu ya Amayi Achikatolika. Mwana amene anali m'mimba Lamulungu lija ndi amene akukuwerengerani mbiriyi. Ndinabatizidwa, ndinakulira m'tchalitchi, chifukwa munthu wina anakana kudzuka.

Malemu anayamba kudwala shuga mu Febuluwale chaka chino cha 2019. Anagonekedwa kuchipatala cha Mua kawiri. Ali komweko analandira sakramenti la odwala, ali ndi nzeru zawo zonse, mpaka kumaseka anamwino kuti phala lachepa mchere. Madzulo a Lachiwiri anayitana amuna awo n'kuwauza kuti: "Tsopano mkazi wa ku Salima uja mumusudzule. Ululani. Koma pabenchi paja pali anthu atatu. Akadzatsala okha, mwaulula pachabe." Anatisiya Lachitatu, pa 3 Julaye, kusiya njinga itapopedwa kale kudikira Lachinayi.

Ndiye dzina lawo layera, koma ntchito yawo yatsala poyera. Ansembe abweranso kutchalitchi kwathu Lamulungu likudzali. Agogo a Silvesta andiuza kuti ndilengeze izi pamaso pa mafumu: benchilo anakhoma ndi iwo, ndipo adzakhalapo ndi atatu aja, ngakhale lili kumbali ya amayi. Ati chitenje sadzavala, nthungululu sadziwa, koma kukhala pansi amatha. Amayi amene simukufuna kuona mwamuna wandevu kumbali kwanu, njira ndi imodzi yokha: mudzawapambane kulawira.

Malemu asiya amuna awo a Silvesta, ana anayi amene ndi a Jacob, a Anjelina, a Clifford ndi a Justin, zidzukulu khumi ndi zitatu, ndi mng'ono wawo mmodzi, agogo a Namaliya. Asiyanso ana ena ambiri amene sanawabereke, ndipo eniake mukudzidziwa.

Banja likuthokoza ansembe chifukwa chosunga chinsinsi, madokotala ndi anamwino a ku Mua, mphakati wathu, Amayi Achikatolika amene achezera ndi nyimbo, adzukulu okonza kumanda, mafumu, ndi anansi athu Achisilamu a kunyanja amene atumiza nsomba. Ngakhale inu a pabawo, agogo ati akukhululukirani, bola mubweretse sowo.

Anangozo, munakhala pansi nthawi yaitali chifukwa cha ife. Lero dzukani, pitani kutsogolo, mzere ndi wanu. Mzimu wanu uwuse mumtendere.