Jekete lachimuna pabwalo la tchalitchi

Ndiwerengereniko iyi, ndine mayi wa ku Chinsapo. Ndimasunga mwana wa mchimwene wanga, mtsikana amene anangoti zii mayi ake atathawa nkhanza za pabanja. Kenaka anayamba kusowa Loweruka lililonse, ati ku gulu la achinyamata. Mumtima ndinati, apa pali mwamuna.

Ndinamutsatira mozemba. Ndinamupeza pabwalo la tchalitchi atavala jekete lachimuna, akudzandira m'sewero, akukalipa, “Tuluka m'nyumba mwanga!” Mawu enieni a bambo ake.

Kunyumba ndinamufunsa, “Iwe, zakwathu ukukaziyanika pagulu?”

Anati, “Anti, kumeneko amandimvetsera.”

Atsogoleri a gululo ndimawakayikirabe, moti Loweruka ndimakakhala chapatali n'kumawazonda. Koma mwanayu pano akumaseka, ndipo amene anamubwezera kusekako si ine.