Akabawi a pa Mawaya: Moyo wa Bambo Fanuel Thawale

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1951 m'mudzi mwa Kapalamula, m'boma la Ntcheu. Dzina lawo ndi Bambo Fanuel Thawale. Ndalitchula lonse dala, chifukwa chaka chino ambiri mwa inu munaliiwala n'kuwapatsa lina. Amene ndikuwerengane ndine Chiletso, mwana wa mlongo wawo. Ndikudziwa kuti ntchito iyi ndi ya akuluakulu. Banja linayang'anayang'ana pakati pa akuluakulu a kuno ku Freedom Park, kenaka linasankha ine wolekezera Sitandade 6.

Sukulu anayamba mu 1959, ndipo anailekeza Sitandade 5 bambo awo atamwalira. Mu 1972 anakwera ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodi, kubwera kuno ku Joni, nayamba ntchito yobowola miyala m'migodi ya golide. Mu 1976, atabwerera kumudzi, anamanga ukwati woyera ndi Mayi Jestina, amene akhala pafupi ndi bokosiwa. Anabwerera kumgodi mu 1978. Mu 1991 anasamukira kuno ku Rustenburg, ndipo Mayi Jestina anawalondola mu 1995. Anapuma ntchito mu 2006, mapapo atadzaza fumbi, manja akunjenjemera ngati makina aja akadali m'manja.

Mu 2008 malemu anagula kamera yakale m'sitolo ya zinthu zogwiritsidwa kale ntchito m'tauni. Inali ndi lenzi yaitali ngati mkono, yokoka chinthu chakutali kuti chioneke pafupi. Iwo ankaitcha paipi. Palibe amene anawaphunzitsa. Miyezi yoyamba ankabwera ndi zithunzi za nthambi zopanda mbalame, michira yokhayokha, mtambo woyera mbee. Munkaseka. Munkati madala apenga, munthu wamkulu kuthamangitsana ndi timba ngati mwana wa legeni. Iwo ankangoti anakhala zaka zambiri pansi, tsopano khosi likufuna kuyang'ana kumwamba.

Popeza manja awo ankanjenjemera, paipi ija sakanaigwira chiimire. Anasoka kathumba ka mchenga kotsamiritsapo lenzi. Ankagona chafufumimba, n'kudzifunda chiguduli kuti mbalame zisawaone, n'kukhala duu mpaka mthunzi kusuntha. Mwa njira imeneyi anajambula atchete akuluka zisa, akakowa kumadamu, nanchengwa, ndi miimba ya kumapiri a kuseri kwa Mooinooi. Izi mumazidziwa nonse. Ana anu ankawalumpha miyendo popita kusukulu. Ndikunena izi kuti pasapezeke munthu wonena kuti chiguduli chija anachiona koyamba chaka chino.

Mbalame zimene ankazikonda koposa ndi tiakabawi ting'onoting'ono ta miyendo yofiira. Timabwera ndi mvula kuchokera kutsidya kwa nyanja zazikulu, timatera pa mawaya amagetsi kumapeto kwa mikhukhu yathu, tinyumba tathu ta malata timeneti, ndipo mvula ikatha timabwerera. Malemu ankatitcha machona anzawo. Ankati kusiyana kwake n'kwakuti ito timakumbukira njira ya kwawo.

Mu Febuluwale 2012 kunali sitiraka kumgodi, ndipo anthu ankasonkhana pabwalo la pansi pa mawaya omwe aja. Sindinyoza sitiraka, inenso ndinaimba nawo. Koma mawaya anali a mbalame sitiraka isanabwere. Madzulo a tsiku lina malemu anagona pamalo pawo pa nthawi zonse, paipi italoza kumwamba. Anyamata ena anawavundukula chiguduli, n'kuwakokera pakati pa gulu. Anati ndi impimpi, kazitape wojambula nkhope za anthu kuti akapereke kwa mabwana.

Anyamata amenewo sindiwazenga mlandu lero. Sankawadziwa, ndipo anali ndi njala. Koma anachita chinthu chimodzi chanzeru: anaitana wapampando wa bungwe la Amalawi kuti anene ngati munthuyu ankamudziwa. Wapampando wathu ndi Bambo Gidiyoni Nsapato, amene akhala kutsogoloku ndi suti yakuda. Bambo Nsapato anadyapo Khirisimasi m'nyumba ya malemu. Kunyumba kwawo, pamwamba pa wailesi, panali chithunzi cha njiwa chimene malemu anawapatsa. Kamera inaikidwa m'manja mwawo. Kumbuyo kwake kuli kabatani kamene mukadina, zithunzi zonse zimaoneka pagalasi. Mwana wosavala amatha kukadina. Bambo Nsapato sanadine. Anauza gulu kuti Amalawi alibe naye gawo munthu ameneyu, anakweza kamera m'mwamba kuti aliyense aone, n'kuimenyetsa pa simenti.

Ndamva kale chifukwa chake. Akuti ankaopa kuti zija za Meyi 2008, zothamangitsa ndi kupha anthu obwera, zibwerera, akuti anapulumutsa mikhukhu yathu. Chabwino. Tinene kuti tsiku limenelo anali mantha. Nanga Malichi? Nanga Juni, Ogasiti? Mantha ake otani okhala miyezi khumi osatha, oletsa munthu kuyenda mikhukhu isanu kukapepesa?

Mayi Jestina anatola zidutswa m'chitenje. Kakhadi kosunga zithunzi kanali momwemo, kosasweka. Ine ndinafuna kuyenda nako khomo ndi khomo. Malemu anandiletsa. Anati wofuna kudziwa chimene chinajambulidwa abwere kunyumba adzafunse, mpando ulipo. Mpando umenewo tsiku lililonse ankauika pakhomo. Unakhalidwa ndi nkhuku.

Kutchalitchi benchi yawo inayamba kukula, anthu akuithawa. Amayi a chigwirizano, amene mwaimba mokoma usiku wonsewu mpaka mawu kusasa, munkatembenuza nkhope mukakumana ndi Mayi Jestina pampopi. Wina mwa inu, sitikumudziwa koma Mulungu akudziwa nambala yake, anaimba foni ku Ntcheu, moti achemwali awo a malemu, amene ali mayi anga, anafunsidwa pamsika ngati n'zoona kuti mchimwene wawo amagulitsa anthu ku Joni.

Malemu anasiya kutuluka. Chifuwa chimene chinkawaleka akamayenda kuthengo chinawapeza ali chikhalire. Mu Okutobala anagonekedwa m'chipatala, natuluka, nabwereranso mu Novembala. Anatisiya Lolemba pa 3 Disembala 2012, ali ndi zaka 61.

Tsopano malemu sangandiletse. Zithunzi zonse za tsiku lija tazitsukitsa, osasiyako ngakhale chimodzi, ndipo alongo anga ayamba kuzigawa m'mizeremu. Zigwireni ndi manja awiri. Muona waya, muona mtambo, muona kabawi ali ndi chiwala kukamwa. Zina n'zosaoneka bwino, manja aja. Yang'anitsitsani, mwina maso anu ndi akuthwa kuposa athu. Amene apeze nkhope ya munthu, kapena khutu lokha, kapena chipewa, aimirire, ndipo ine ndipepesa pamaso pa bokosi ili.

Dzulo polemba mbiriyi ndinalemberatu pano kuti palibe amene waimirira. Ndikuona kuti sindifufuta.

Banja lagwirizana izi. Mawu a wapampando, amene ali pandondomeko pambuyo pa ine, tawachotsa. Anali ndi nthawi yolankhula, ndipo analankhula. Nkhata ya maluwa ya bungwe ili panja pa tenti, eni ake aitenge potuluka. Thupi linyamuka mawa kupita ku Ntcheu, ndipo zithunzi izi zipita nalo, zikayende m'manja mwa anthu kumanda monga zayendera muno. Choncho mutibwezere zonse, kupatula chimene chili m'manja mwa Bambo Nsapato. Chimenecho tawapatsa. Akachiike pamene anachotsa njiwa ija.

Malemu asiya mkazi wawo Mayi Jestina, ana atatu, Tinenenji, Christobel ndi Yotamu, zidzukulu zisanu, ndi mlongo mmodzi kumudzi.

Tikuthokoza Bambo Bashiru ndi Mayi Mariamu a ku Mangochi, anansi athu. Iwowa si a mpingo wathu, ndipo nyimbo zathu sazidziwa. Koma Mayi Mariamu ndi amene ankaphika phala, ndipo Bambo Bashiru ndi amene anabereka malemu kumsana kukawakweza takisi ya kuchipatala. Bokosi anyamula ndi iwo, pamodzi ndi ana a malemu ndi ine. Tikuthokoza anamwino amene anawasuntha bedi kuti likhale pawindo. Ena nonse, zikomo pobwera. Mipando yakwanira lero.

Amalume, sabata ino machona anzanu afika, adzaza mawaya. Inunso mwaikumbukira njira ya kwanu. Mzimu wanu uuse mumtendere.