Lipoti Lomwe Linatidyera Achimwene

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1972, ndipo anali achisamba m'banja la ana asanu. Ine ndaima panoyu ndine mng'ono wawo, ndipo banja landituma kuti ndiwerenge mbiriyi pamaso panu nonse amene mwabwera kudzalira nafe. Mawu akamandithawa mundikhululukire, pakuti wodziwa kulemba m'banja mwathu ndi amene agona apawa.

Sukulu anayamba mu 1978. Masamu ankawazunguza mutu, zimenezo sitingabise, koma chimangirizo chawo aphunzitsi ankachita kuwerengera kalasi yonse. Anamaliza sekondale mu 1990, ndipo mu 1993 analembedwa ntchito ku nyuzipepala ina, yokonza nkhani za atolankhani zisanasindikizidwe.

Pa 16 Ogasiti 1997 anamanga banja ndi alamu athu, mayi osoka zovala, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Mu 2008 nyuzipepala ija inatsekedwa, ndipo malemu sanalembedwenso ntchito kwina kulikonse. Anakokera tebulo pakona ya chipinda chochezera, moyang'anizana ndi makina osokera a alamu, n'kuyamba kulembera anthu kuti aziwalipira. Ankalemba zokalankhula mabwana pamisonkhano, malipoti a mabungwe, zotsatsa malonda, ngakhalenso makalata opempha thandizo. Chiganizo chilichonse ankachiwerenga mokweza, alamu n'kuimitsa makina kuti amvetsere. Alamu akangokwinya nkhope, chiganizocho ankachifufuta n'kuyambiranso. Ena mwa inu mwakhala kutsogoloku munaomberedwapo m'manja chifukwa cha mawu ochokera patebulo limenelo, ndipo mukudzidziwa.

Anzawo ankawatchula kuti a Mawammawa, chifukwa aliyense wobweretsa ntchito, ichuluke bwanji, ankamuyankha kuti mawa m'mawa ailandira. Malamulo awo anali awiri okha: osakana ntchito, komanso osauza kasitomala kuti ukudwala. Ankati mlembi wodziimira payekha akadziwika kuti sakupeza bwino, amamupepesa mwaulemu wonse, kenako ntchito n'kupatsa wina. Ife tinkaseka, osadziwa kuti malamulo amenewa ndi amene adzatisonkhanitse pano.

Mu Januwale 2024 anayamba kudandaula m'mimba. Madokotala anapeza chotupa m'matumbo, ndipo ananena kuti chikachotsedwa msanga achira. Anawapatsa tsiku la opaleshoni, pa 12 Malichi. Koma nthawi imeneyo n'kuti malemu ali ndi lipoti lalikulu la bungwe lina limene linkawapatsa ntchito kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo linkafunika pa 29 Malichi. Anapita okha kuchipatala kukapempha kuti tsikulo lisinthidwe. Madokotala anawachenjeza, koma anawapatsa tsiku lina, pa 23 Epulo.

Lipoti anatumiza pa tsiku lake. Pa 15 Epulo a bungwe analibweza, ati likonzedwe apa ndi apo, mitu ina isinthidwe, ndipo lifike pofika pa 10 Meyi. Alamu anandiitanitsa akulira. Ndinawapeza achimwene atawerama patebulo paja, pilo atamupanikiza pamimba, dzanja limodzi likulemba. Ndinawakalipira, ine mwana wamng'ono kukalipira akulu anga. Ndinawapempha kuti angoimba foni kubungweko n'kunena zoona, kapena andilole ndiimbe ine. Anandiyang'ana n'kunena kuti: "Ukaimba foni imeneyo, ana angawa uziwadyetsa ndiwe." Foniyo sindinaimbe, ndipo zimenezo zikundiwawa mpaka lero. Tsiku la 23 Epulo linadutsa ali patebulo.

Pa 10 Meyi anatumiza lipoti lokonzedwa lija. Yankho silinabwere, koma iwo anati mabwana ndi otanganidwa. Opaleshoni inachitika pa 18 Juni, ndipo madokotala anatiuza kuti matenda afalikira, tachedwa. Anatisiya pa 2 Julayi 2024, ali ndi zaka 52.

Dzulo ndinaimba foni ija tsopano, kudziwitsa a bungwe za malirowa. Mkulu amene ankawapatsa ntchito anadzidzimuka kwambiri, ati sankadziwa n'komwe kuti malemu akudwala. Zimenezo ndikuwavomereza, sanauzidwe. Ndinawafunsa ngati lipoti linawasangalatsa, kuti mwina ndikatonthozere alamu. Anayamba kaye akhosomola, kenako n'kundiuza kuti ntchito yonse imene lipotilo linkanena inaimitsidwa pa 19 Epulo, ndipo anaiwala kuwadziwitsa achimwene chifukwa muofesi munali piringupiringu. Lipoti la pa 10 Meyi lija palibe ndi mmodzi yemwe amene analitsekula.

Abale anga, pa 19 Epulo! Kunali kutatsala masiku anayi kuti achimwene akagone pabedi la opaleshoni. Uthenga wa mzere umodzi ukanakwana, woti lekani, sizikufunikanso. Munthu amene kwa zaka zisanu ndi zinayi sanachedwetsepo ntchito yawo ngakhale ndi ola limodzi, anamuiwala ngati ambulera mvula itakata. Akuluakulu a banja anandilangiza kuti zimenezi ndisazinene pamaliro. Ndazinena, ndipo akandidzudzula ndikavomera. Nkhata yamaluwa yaikulu kuposa zonse mukuionayo yachokera kubungweko, ndipo yafika pa nthawi yake.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, mdzukulu mmodzi, mayi athu okalamba, ndi ife abale awo anayi.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawadikira kawiri konse osatopa nawo, anansi amene atigwira mkono masiku onsewa, a mpingo, komanso alembi anzawo amene anyamula bokosi. Inu alembi, mukadwala muzinena. Kwa alamu athu mawu othokozera atichepera.

Achimwene, mzimu wanu uuse mumtendere. Gonani osadera nkhawa, palibe amene akudikira ntchito yanu, ndipo dzulo tamva kuti panalibe.