Hanifa Anakana Kuwerenga Mafoni a Eni

Pa siteji ya Madisi, Mayi Asiyatu ankadikira minibasi pafupi ndi bambo wina amene ankaonera filimu pafoni.

"Zoopsa izi, mayi," anatero bamboyo. "Makina akumvetsera zolankhula za anthu n'kumawapatsa malikisi. Wolephera sakwera basi, salembedwa ntchito. Mwayi wake ndi zopeka."

"Zopeka? Mwana wanga Hanifa anali kalaliki pa esiteti ina ku Chisepo. Bwana anamuuza kuti matenanti akabwera kudzatchajitsa mafoni ku ofesi, iye aziwerenga mauthenga awo, kuti amene amadandaula asadzatengedwenso chaka chamawa."

"Ndiye anatani?"

"Anakana, matenantiwo akumva. Ntchito inathera pomwepo."

"Pepani kwambiri, mayi."

"Mukupepesa chiyani, bambo? Tsiku limene anafika pakhomo ndi chikwama chake, ine ndinamuphera tambala!"