Mpeni wa Chigwiriro cha Nyanga

Tabweranso, omvera athu a m'Chigwa. Madzi aja atagwetsa mapolo a magetsi mu Febuluwale, ife tinangoti zii, koma anthu sanaleke kubweretsa zilengezo. Zadzaza katoni. Ndiziwerenga monga zinafikira, chakale poyamba, ndipo ngati mbuzi yanu inapezeka kale mundikhululukire. Ndayamba ndi zimene zamangidwa pamodzi ndi kalabala izi.

Choyamba. Bambo Paulo Alufazema a m'mudzi mwa Nyakamba, Mfumu Yaikulu Mlolo, akudziwitsa ana awo Elisha wa ku Nchalo, Tithokoze wokwatiwa kwa Tengani, ndi Chancy kulikonse komwe ali, kuti tsiku lothira mafuta mipeni ndi Loweruka loyamba la Malichi, pakhonde pawo, monga chaka chilichonse. Aliyense abwere ndi mpeni wopinda umene anapatsidwa tsiku lomwe ankachoka pakhomo.

Akuti mafuta a makina osokera agula kale, mwala wonolera ulipo, ndipo mipeni yawo ya m'chitini, kuyambira uja anabwera nawo ku Joni ali mnyamata, yadutsa dzinja lino popanda kadontho ka dzimbiri. Akukumbutsa Elisha kuti mpeni sanolera pa simenti. Akukumbutsa Tithokoze kuti mpeni saupinda uli wonyowa, komanso asamabwereke apongozi ake osendera mbuzi. Kwa Chancy, yemwe sanaoneke ulendo wathawu, akuti mpeni uliwonse umakonzeka, ngakhale utagona m'madzi. Angobwera.

Chilengezochi chachokera kwa Bambo Paulo Alufazema eni ake.

Akulu amenewa timawadziwa, chaka chilichonse amatitumizira zomwezi. Tsamba lonse mipeni yokhayokha, moni kwa ana palibe. Koma ana amapita, ndipo mbuzi imafa tsiku limenelo.

Chachiwiri. Mnyamata wina wa kabaza pa Bangula akupempha asodzi ndi opalasa mabwato a pa Chiromo, ndi onse okhala kumunsi kwa dooko, kuti amuthandize. Chaka chatha, akuwoloka kupita kwawo, anataya mpeni wopinda wa chigwiriro cha nyanga ya ng'ombe, wokhala ndi kamphete kumapeto. Anautulutsa kuti adulire chingwe cha katundu wa mayi wina, bwato linagwedezeka, mpeni n'kugwera m'madzi. Iye anabwerera pa dooko pomwepo, kwawo sanafike.

Akuti wafunsa m'misika yonse, wapeza yofanana nayo, koma mwini wake sangapusitsike chifukwa amadziwa mpeni wake ndi kalilidwe kake potseka. Akuti sangaponde pakhomo pa bambo ake chimanjamanja. Amene anautola, ngakhale utadyeka ndi dzimbiri, afunse pa siteji ya kabaza.

Chilengezochi chachokera kwa mnyamata yemwe wangolemba kuti Chancy.

Mwamva nokha. Zilengezo ziwirizi zagona m'katoni imodzi nthawi yonseyi, chimodzi pamwamba pa chinzake. Tiyeni tipitirire.

Chachitatu. Mayi Magdalena Alufazema a m'mudzi mwa Nyakamba akudziwitsa abale a kwa Tengani, a ku Makhanga ndi a ku Marka kuti amuna awo, Bambo Paulo, agonekedwa kuchipatala ndi chifuwa chomwe chinawayamba madzi atalowa m'nyumba. Odzazonda abwere ndi madzi akumwa.

Akudziwitsanso mwana wawo Chancy kuti tsiku la mipeni linachitika. Elisha anabwera, Tithokoze anabwera. Bambo ake anayala mipeni pamphasa monga amachitira, koma chikhadabo chinkalephera kutsegula ngakhale kampeni kakang'ono kaja, mpaka Elisha ndi amene ankawatsegulira. Anakana kulowa m'nyumba dzuwa lisanalowe. Njinga iliyonse ikamveka kumsewu ankasiya kupukuta. Mayi ake akuti kuchipatalako bambo ake safunsa za iye, koma amagona atayang'ana kukhomo, ndipo iwo atopa kuwatembenuza.

Chilengezochi chachokera kwa Mayi Magdalena Alufazema.

Chachinayi. Banja la Alufazema...

Pepani, omvera.

Banja la Alufazema la m'mudzi mwa Nyakamba, Mfumu Yaikulu Mlolo, likudziwitsa abale ndi abwenzi kuti Bambo Paulo Alufazema atisiya m'mawa wa Lachitatu pa 19 Malichi. Uthengawu upite kwa achimwene awo a Augustino ku Nsanje boma, achemwali awo a Evelesi ku Marka, a mpingo onse a kwa Mlolo, anzawo omwe anali nawo ku Joni ngati alipo otsala, komanso mwana wawo Chancy, yemwe akumveka kuti ali cha ku Bangula. Mwambo woika maliro uchitika Lachisanu kumanda a m'mudzimo. Banja likuti lidikira Chancy mpaka masana.

Chilengezochi chachokera kwa Elisha Alufazema, m'malo mwa banja.

Lachisanu limenelo linadutsa ife tili chete. Tili mu Epulo tsopano. Ntchito iyi ndaigwira nthawi yaitali, maliro ndalengeza osawerengeka, koma kulengeza tsiku lothira mafuta la munthu amene ali kale m'manda kwandilemera. Ndimwe kaye madzi.

Chomaliza pa mtolowu si cha m'katoni, chafika m'mawa uno. Mayi Magdalena Alufazema abwera okha kuchokera kwa Mlolo, pena wapansi, pena pa bwato, atamva kuti magetsi ayaka. Sanalembe. Ayankhula, ine ndalemba.

Akudziwitsa mwana wawo Chancy kuti mpeni wa chigwiriro cha nyanga sunapite ndi Shire. Msodzi wina, a Ernest a pa Chiromo, anaupeza utakodwa mu ukonde mwezi womwewo unatayika. Kuno aliyense akatola mpeni wopinda wadzimbiri amadziwa kopita nawo, choncho a Ernest anautengera kwa Bambo Paulo, osadziwa kuti akubweza kwa mwini wake. Bambo Paulo anangouyang'ana n'kunena zikomo. Anauviika m'palafini, anaukwecha pang'onopang'ono ndi phulusa ndi kansalu mpaka unatseguka, anaunola, anauthira mafuta, nyangayo anaipaka mpaka inawala. Atatero anauika m'chitini pansi pa inzake.

Mayi Magdalena akuti anawachonderera amuna awo kuti atume Elisha akamuuze mwanayo. Iwo anakana. Ankati mwana wamwamuna azibwera yekha, adzanene ndi pakamwa pake kuti ndataya, pamenepo iwo adzatsegule chitini onse aseke. Anali atakonzekera kuseka kumeneko. Mwana anali ndi manyazi ku Bangula, bambo anali ndi liuma kwa Mlolo, mpeni uli phee m'chitini, ndipo mayi ndi amene ankanyamula zonsezi chifukwa anawalamula kuti asanene. Akuti iwonso akudziimba mlandu chifukwa anamvera.

Akudziwitsanso kuti Loweruka likubwerali a Augustino adzagawa katundu wa malemu, ndipo mipeni ya m'chitini idzamwazikana m'matumba a adzukulu, ikasendere mbuzi ndi nzimbe. Zimenezo iwo alibe nazo mphamvu. Koma wa nyangawu auchotsamo, chifukwa si wa malemu. Unaperekedwa kale.

Pano andiuza kuti ndiwerenge monga anenera, ndisakongoletse: "Ndaneta, mwananga, ndatopa. Bambo ako ndawaika popanda iwe. Manda sunawaone, ine sunandilire nane. Palibe wokufunsa kanthu tsopano. Bwera chimanjamanja chomwecho."

Anzake a pa siteji ya kabaza ku Bangula, ngati iye sakumvera, wina apalase akamuuze. Wailesi ino mukudziwa pomwe ili.

Chilengezochi chachokera kwa mayi ake a Chancy, omwe akhala pa benchi panja pano, mpeni aumangirira pa mfundo ya chitenje. Tawapatsa mpando wa m'kati, akana. Akuti m'katimu sangamve njinga ikaima.