Mwana wanga anachira ng'ombe ya apongozi itauma mkaka

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu kumene muli. Ine ndine bambo a Marita, msodzi wakale wa pa Kachulu. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene mwana wanga woyamba anatsala pang'ono kutisiya asanakwane n'chaka chomwe, mudzi wonse ukundiloza chala kuti ndine ndikumupha. Zinachitika kale, masiku a chipani chimodzi, koma ndimazikumbukirabe ngati zadzulo.

Ndinakwatira Esinati m'mudzi wina wa kwa Kuntumanji, ndipo monga mwa mwambo wathu ndinakakhala chikamwini kwawoko. Mayi ake, aNangondo, anali amasiye, munthu wosamva za wina. Malemu amuna awo anawasiyira ng'ombe imodzi yaikazi, ndipo ankaikama okha, ntchito imene kwathu ndi ya amuna. Anthu ankaseka, iwo analibe nazo ntchito. Ine ndi iwo sitinkayankhulana, pakuti mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana kumaso. Tikakumana panjira mmodzi ankapatukira kutchire, ndipo mawu aliwonse ankadzera mwa Esinati. Kunena zoona, ndinkawaopa mayiwo kuposa mwera panyanja.

Marita anabadwa wonenepa bwino. Atakwana miyezi isanu, Esinati anadwala malungo, bere limodzi n'kutulukanso chithupsa, ndipo mkaka wake unachepa kwambiri. Mwana ankangolira ndi njala. ANangondo sanadikire kuuzidwa ndi munthu. Anayamba kuwiritsa mkaka wa ng'ombe yawo n'kumamumwetsa ndi supuni, wina n'kumathira m'phala. Tonse tinathokoza Mulungu kuti pakhomo pali ng'ombe, ine n'kumawatumizira matemba owamba ngati zikomo.

Sipanapite masiku ambiri mwana anayamba kusanza. Kenako kutsegula m'mimba, nthawi zina ndi timagazi. M'masaya ndi m'khosi munatuluka zidzolo zofiira, milomo ndi zikope n'kumatupa, koma thupi lonse likungotha. Tinapita naye kukachipatala kakang'ono kapafupi, tinalandira mankhwala a m'mimba, koma sizinasinthe. Za mkaka sitinatchule n'komwe, nanga ndani angatchule mkaka pofotokoza matenda? Mwana akamaonda, aNangondo ankawonjezera mkakawo kuti abwezeretse thupi. Iwo eni tiyi ankamwa wopanda mkaka kuti wonse upite kwa mdzukulu wawo.

Amayi akuluakulu a m'mudzi atamuona mwana akutupa chonchija, anagwirizana chimodzi: tsempho. Mwambo wolowetsa mwana kumphasa unali usanachitike chifukwa cha matenda a Esinati, ndiye anati bambo wake wapita kwa mkazi wina, wamusempha mwana. Ndipo ine zinkandikhala bwino zimenezo, chifukwa ife asodzi a pa nyanja ya Chilwa tinkatha milungu iwiri tili m'zimbowera, timisasa toyandama tija timamanga pakati pa mabango, ndipo padooko pamafika amayi ogula nsomba ochokera kutali. Ndani akanandichitira umboni? Ankhoswe anandiitana n'kundiuza kuti apongozi akuti ndisamugwirenso mwana, ndipo anandipatsa mlungu umodzi kuti ndiulule dzina la mkaziyo, apeze pokonzera mankhwala.

Abale anga, ine ndili ndi machimo anga, mtima wapachala ndinali nawo, kachasu ndinamwapo, koma chimenecho sindinachite. Ndinalumbira, koma kulumbira kwa mkamwini kuli ngati kulira kwa nkhuku yogula. Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti Esinati nayenso anayamba kundiyang'ana ndi diso lina. Tsiku lina anandiuza ali misozi chuchuchu: "Bambo a Marita, ngati munachita ingonenani. Ine ndikhululuka, koma mwanayu asafe."

Apa ndipo Satana anandiyandikira. Ndinayamba kuganiza kuti ndingovomera bodza, nditchule dzina lililonse la mayi wa kutali, mankhwala akonzedwe, mwina mwana n'kuchira. Manyazi ndikanasenza, nanga manyazi n'chiyani poyerekeza ndi maliro? Dzinalo ndinali nditalipeka kale mumtima.

M'mawa wina ndinapalasa bwato ndekha n'kulowa m'mabango momwe munalibe munthu. Sindinaponye ukonde. Ndinagwada m'bwatomo, madzi akunyowetsa maondo, ndipo pemphero langa silinali lokongola ngati la akulu ampingo. Ndinati, Ambuye, Inu mukudziwa kuti sindinachite, ndipo bodza mumadana nalo. Ngati simukufuna kuti ndiname, ndionetseni chimene chikudya mwana wanga lisanafike tsiku la ankhoswe. Ndinalira mpaka mawu anasasa. Kumwamba kunali zii, koma pobwerera ndinadziwa chinthu chimodzi, kuti bodzalo sindinena.

Yankho linabwera m'njira imene ndinaiona ngati temberero. Tsiku lotsatira mwana wa ng'ombe ija analumidwa ndi njoka kudambo, n'kufa. Amene munaweta ng'ombe zathu zachikuda mukudziwa kuti sizitulutsa mkaka popanda mwana wake pafupi. ANangondo anayesa kuisisita, anayesa kuipatsa madeya, ng'ombe inangoponda chidebe. Mkaka unauma. M'mudzi anati tsoka la mkamwini uja lafika mpaka kukhola. Inenso ndinakhala pansi n'kunena kuti, Ambuye, ndinapempha thandizo, Inu mwachotsa ndi kochepa komwe kanalipo.

Posowa chochita, aNangondo anasinja mpunga n'kumaphika kaphala kamadzimadzi, ndipo ankamukakamiza Esinati kuika mwana kubere labwino lija pafupipafupi, kaya mutuluke kanthu kaya ayi. Tsiku loyamba mwana analira kwambiri. Lachiwiri sanasanze. Pofika lachinayi kutsegula m'mimba kunali kutachepa, zikope zitaphwa, zidzolo zikuyamba kuuma. Esinati anandiuza kuti mwana wamusekerera, chinthu chimene chinali chitaiwalika pakhomo pathu. Amayi akuluakulu aja anadabwa, pakuti ine ndinali ndisanaulule kanthu, ndipo mankhwala a tsempho anali asanakonzedwe.

ANangondo ataona mdzukulu wawo akutsitsimuka, anati mpata ndi uno woti abwezeretse thupi. Anayenda mtunda wautali kupita kumudzi wina kumene kunali khola, n'kubwerako ndi mkaka m'botolo. Anawiritsa bwinobwino, n'kumupatsa mwana masupuni awiri okha. Esinati akuti asanathe n'kutsuka supuniyo, milomo ya mwana inali itayamba kutupa, zidzolo zili mbuu thupi lonse, kenako anasanza zonse. Akuti mayi ake anaima chilili, akuyang'ana botolo, akuyang'ana mwana. Kenako anakhuthulira mkaka wonse pansi, anabereka mwana, n'kuuyamba ulendo wa ku Kachulu, Esinati akuwatsatira pambuyo.

Ine ndinali padooko ndikusoka ukonde, dzuwa lili paliwombo, anthu ali piringupiringu kugula nsomba. Nditakweza maso ndinaona apongozi anga akubwera molunjika pamene ndinakhala. Ndinadzuka kuti ndithawire kuseri kwa thandala la matemba monga mwa ulemu, koma anandiimitsa ndi dzanja. Anamasula mwana kumsana, n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chikwatirire mwana wawo.

"Bambo a Marita, landirani mwana wanu," anatero. "Wodwalitsa mwanayu si inu. Ndine, ndi mkaka wanga. Ndinakunamizirani pagulu, ndiye ndabwera kudzanena pagulu."

Asodzi anasiya zimene ankachita. Ine ndinalandira mwana amene ndinali nditaletsedwa kumugwira. Anali wopepuka ngati mtolo wa udzu. Ndinangogwada pamchenga pomwepo mwana ali m'manja.

Tsiku lomwelo tinakwera lole ya nsomba yopita ku Zomba, ine, Esinati ndi apongozi, titakhala pa madengu amodzi, makhadi a chipani tili nawo m'manja poopa kutsitsidwa panjira. Kuchipatala aNangondo ndiwo anafotokoza zonse mwa ndondomeko, tsiku limene anayamba mkaka, tsiku limene ng'ombe inauma, ndi za masupuni awiri aja. Adokotala anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo anati mayi awa aona bwino. Anatiuza kuti alipo ana ena amene thupi lawo limadana ndi mkaka wa ng'ombe, ngakhale uli wabwino kwa anzawo. Anati wa ufa wa m'chitini ndi womwewo, wa mbuzinso tisayese, ndipo Esinati asiye kumwa mkaka nthawi yonse imene akuyamwitsa. Bere lodwala lija analichiza, n'kumuuza kuti akamayamwitsa pafupipafupi mkaka wake ubwerera. Zakudya zina anati tiziyamba chimodzichimodzi, tikuyang'ana mmene thupi la mwana likuchilandirira. Zonsezi anazilemba pakhadi la kusikelo.

Kuchokera tsiku limenelo, mphamvu zonse zimene aNangondo ankamwetsera mkaka anazitembenuzira kuulonda. Marita anamupezera kapoto kakekake, kambale ndi supuni yake, ndipo palibe ankaloledwa kuzigwiritsa ntchito. Ine anandipatsa udindo wosankha matemba abwino, owuma bwino, iwo n'kumasinja, kusefa, n'kumathira m'phala la mgaiwa. Patapita masiku anawonjezera nsinjiro, kenako madzi a nkhwani, kenako nthochi yofinya. Chilichonse chatsopano ankachiyamba m'mawa, n'kukhala tsiku lonse akumuvundukula mwana m'khosi ndi m'khwapa kufuna zidzolo. Esinati ankamuphikira chinangwa ndi thobwa kuti mkaka uchuluke, ndipo unachulukadi. Kumaliro kapena kuukwati, munthu akangoti apatse mwana kanthu, ankamva liwu kumbuyo likufunsa kuti muli chiyani m'menemo. Achibale ena anakwiya nazo, ankati mayiwa akunyada ndi mdzukulu. Iwo ankangoti kwiyani, mukagona kwanu.

Chimene sindidzaiwala chinachitika kusikelo. Masiku amenewo ana oonda ankapatsidwa mkaka wa ufa waulere, ndipo Marita, pokhala anali akadali wochepa thupi, anamuika pamzere wolandira. ANangondo anakana. Abale anga, muyenera kudziwa kuti nthawi imeneyo kukana chinthu cha boma pagulu sinali nkhani yamasewera, munthu ankatha kufunsidwa kuti ukudana ndi yani. Amayi anzawo anayamba kuwatsina kuti angolandira akataye kunyumba. Iwo anati chinthu chimenecho chikalowa m'nyumba, tsiku lina wina adzachithira m'phala mosadziwa. Anatulutsa khadi lija n'kuuza anamwino mofatsa: "Amayi, ine boma sindikulikana. Ikukana ndi mimba ya mwanayu. Werengani apa, ndipo gawo lakelo mupatse mwana wina." Anamwino anawerenga, anagwedeza mutu, ndipo anawaimiritsa kutsogolo kuti afotokozere amayi onse zimene anaona. Esinati akuti tsiku limenelo mayi ake analalikira kuposa abusa.

Mwezi ndi mwezi sikelo inkakwera. Masaya anabwerera, tsitsi linada, ndipo mpunga usanakololedwe kawiri Marita anali akuthamangitsa nkhuku pabwalo. Tsiku la ankhoswe lija linachitikabe, koma m'malo moti ine ndiulule, aNangondo ndiwo anayankhula, ndipo pamapeto tinapemphera pamodzi. Esinati anandipepesa, ine ndinamuuza kuti palibe mlandu, mantha a mayi amene mwana wake akufa si tchimo. Apongozi anga ndinawasunga mpaka tsiku limene Ambuye anawaitana, ndipo sindinawasungire kanthu kumtima. Mkaka uja ankaupereka ndi chikondi, ndipo atadziwa choona sanadziteteze ngakhale pang'ono. Ndi akuluakulu angati amene angachite zimenezo pamaso pa mkamwini?

Ndimati ndikaganiza, ndimaona mmene Mulungu anatidutsitsira pakamwa pa dzenje. Ndikananena bodza lija, aliyense akanakhutira kuti chifukwa chapezeka. Mankhwala akanakonzedwa, mkaka akanaufuna kwina n'kupitiriza kumwetsa, ndipo mwana tikanamuika m'manda ine nditasenza mlandu umene sindinapalamule. Chimene ndinachitcha temberero kukhola kuja ndicho chinali dzanja la Ambuye. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la msodzi wosadziwa kupemphera, ndipo ndikumuthokoza chifukwa cha aNangondo.

Tsono inu amene muli ndi mwana wodwaladwala, musatope kupemphera, ndiponso musatope kuyang'anitsitsa. Mukapita kuchipatala nenani zonse zimene mwana akudya, ngakhale zimene mukuziona ngati zabwino. Inu agogo, chikondi chanu n'chachikulu, chiloleni chimve malangizo. Ndipo inu amene mukunamiziridwa, musagule mtendere ndi bodza. Limbikani, ngakhale yankho litabwera looneka ngati tsoka lina.

Maso anga anafooka, sindithanso kugwira cholembera. Mawu onsewa ndikuyankhula ndili pakhonde, ndipo amene akundilembera ndi Marita yemweyo, mayi wa ana ake tsopano, amene wandiimitsa kawiri konse kuti apukute misozi. Ambuye alemekezeke. Amen.